Mulu wa zinyalala ukasanduka nkhope: mmene aluso amapusitsira maso athu

Kavidiyoko mwina kanakufikani pa WhatsApp kapena munakapeza pa TikTok. Munthu akuyenda ndi foni m'chipinda momwe zinthu zangoti mbwee: mipando yothyoka, nsapato zakutha, zidebe, mawaya, zidole zopanda mitu, zina zili pansi zina zikulendewera kudenga. Kenako amakhota pang'ono n'kuima, ndipo mulu wonse uja umasanduka nkhope ya munthu, maso, mphuno ndi makwinya omwe. Akangosuntha phazi, nkhope ija yabalalika, kwatsala zinyalala.

Mavidiyo oterewa akafika pagulu, mkangano wake umakhala umodzimodzi. Wina amati ndi za pakompyuta, wina amati ndi AI, ndipo sipalephera kupezeka wonena kuti azungu nawonso amatamba. Mavidiyo opeka alipodi, ambirimbiri. Koma zochuluka mwa zinthuzi ndi zenizeni, zoti mutha kuzikhudza ndi dzanja, ndipo anazipanga ndi anthu amene anaphunzira bwino pamene maso a munthu amapunthwira.

Mawu awiri ofunika kuwamasula

Luso limeneli limayenda ndi mawu awiri a Chingerezi. Oyamba ndi optical illusion, kutanthauza kupusitsika kwa maso, pamene chimene mukuona chikusemphana ndi chimene chilipodi. Chizindikiro chake n'chakuti ngakhale wina akuuzeni zoona, ngakhale muyeze nokha ndi rula, maso amakakamirabe bodza lawo. Achiwiri ndi mixed media, luso losakaniza zipangizo. Wojambula wakale ankadalira penti ndi nsalu, wosema ankadalira mtengo kapena mwala. Walero amatola chilichonse: zitsulo, magalasi, nyali, mapepala, madzi, za kudzala, ngakhale khoma la nyumba ya eni.

Kusakanizako pakokha kumanamiza kale maso. El Anatsui wa ku Ghana, yemwe wagwira ntchito zaka zambiri ku Nsukka m'dziko la Nigeria, amalumikiza zitsekerero za mabotolo a mowa zikwizikwi ndi waya wa kopa. Muli patali mumati ndi nsalu yofewa yachifumu yapachikidwa pakhoma, mukafika pafupi mumapeza tizitsulo tolimba. Mbongeni Buthelezi wa ku South Africa amasungunula mapulasitiki otola ndi chipangizo chouzira mpweya wotentha, ndipo zithunzi zake mungalumbire kuti ndi za penti.

Tisasokoneze zimenezi ndi madzi aja amaoneka patsogolo pa msewu wa tala dzuwa likaswa mtengo mu Okutobala. Pamenepo wolakwa si ubongo, ndi mpweya wotentha umene wapinda kuwala kusanafike m'diso. Zimene tikunena pano zimachitika kuwala kutalowa kale.

Chichewa chili ndi liwu lakuti chiphamaso, ndipo poyamba limaoneka ngati lokwanira bwino pankhaniyi. Koma wachiphamaso amabisa cholinga chake. Aluso awa amakupusitsani, kenako n'kukusiyani muzungulire kuseri mukaone mmene akupusitsirani.

Diso si kamera

Kusukulu tinauzidwa kuti diso lili ngati kamera. Fanizoli n'loona theka chabe. Kuwala kumalowadi n'kukagwera pa kachikopa kopyapyala ka kumbuyo kwa diso kotchedwa retina, komwe kuli timaselo tomva kuwala toposa 100 miliyoni. Koma mtsempha wonyamula uthenga kupita ku ubongo uli ndi tiulusi pafupifupi 1 miliyoni tokha, choncho uthenga umanyamuka utadulidwa kale. Komanso pamalo pamene timaona bwinobwino ndi pochepa zedi, ngati chikhadabo cha chala chachikulu mutatambasula mkono. Diso limabisa umphawi umenewu podumphadumpha katatu kapena kanayi pa sekondi iliyonse, ndipo ubongo umasoka zigambazo n'kukupatsani chithunzi chooneka ngati chathunthu.

Yesani izi musanapitirire. Papepala lembani kamtanda kumanzere ndi kadontho kakuda kumanja, pakati pake pakhale masentimita 10. Tsekani diso lakumanzere, lakumanja liyang'anitsitse kamtandako, ndipo pepalalo muzilibweretsa kunkhope pang'onopang'ono kuchokera patali. Pafika pena pake pamene kadontho kaja kazimiririke. Kagwera pamalo pamene mtsempha uja umatulukira m'diso, pomwe palibe timaselo tomva kuwala. Chodabwitsa si kusowa kwa kadonthoko ayi, koma kuti simuonapo bowo. Mumaona pepala loyera mbee. Ubongo wamatapo, ndipo wakhala ukumata chomwecho chibadwireni osakuuzani.

Vuto lalikulu la ubongo ndi mtunda. Chithunzi chogwera pa retina n'chafulati ngati cha papepala, pamene dziko lili ndi kutsogolo ndi kumbuyo. Kuti udziwe chapafupi ndi chapatali, ubongo umatolera zizindikiro. Maso athu awiri ndi otalikirana pafupifupi masentimita 6, ndiye lililonse limaona mosiyana pang'ono. Tikasuntha mutu, zapafupi zimathamanga, zapatali zimachedwa, monga mitengo ya m'mbali mwa msewu imathawira pamene phiri likuoneka ngati likukuperekezani. Mizere ya njanji imaoneka ngati ikukakumana kutsogolo. Chophimba chinzake ndiye chili pafupi. Ndipo pa mithunzi, ubongo umangotenga kuti kuwala kukuchokera kumwamba, poti dzuwa ndi kumene limakhala.

Ibn al-Haytham, katswiri amene anagwira ntchito ku Cairo zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, anaona kale kuti kupenya sikuthera m'diso, kumafuna kuweruza kwa maganizo. Mu 1867 Hermann von Helmholtz wa ku Germany anafotokoza kuti ubongo umaganizira chimene chili panja potengera zomwe unazolowera, ndipo umatero mwini wake asakudziwa. Aliyense amene anayendapo usiku m'kanjira ka kumudzi amazidziwa: chitsa chimaima ngati munthu wovala jekete, chingwe chimapindika ngati njoka. Kapena mwakhala m'basi pa depoti, yoyandikana nayo yayamba kubwerera m'mbuyo, inu n'kugwira mpando poyesa kuti yanu yanyamuka. Kuganizira kumeneku kumalondola pafupifupi nthawi zonse, n'chifukwa chake sitikuzindikira. Mmisiri wopusitsa maso ntchito yake ndi kumanga chinthu chimene chingaupatse ubongo zizindikiro zonse zomwe umakhulupirira, koma zolozera kolakwika.

Malo amodzi oimapo

Njira ya kavidiyo kaja dzina lake ndi anamorphosis: chithunzi chopotozedwa kapena chomwazidwa dala, choti chimawongoka pokhapokha mutaima pamalo amodzi. Si yatsopano. Mu 1533 Hans Holbein anajambula akazembe awiri, chithunzi chomwe lero chili ku National Gallery ku London, ndipo kumapazi kwawo anaikako chinthu chachitali chosadziwika bwino. Mukachiyang'ana muli pambali penipeni pa chithunzicho, chimasanduka chigaza cha munthu. Malonda opakidwa pa udzu wa m'bwalo la masewero, aja amaoneka pa TV ngati zikwangwani zoimirira, amatsata njira yomweyo. Amene ali m'bwalomo amangoona zilembo zokokedwa.

Masamu ake ndi a pa chala. Chala chanu chitha kuphimba phiri la Mulanje mutatseka diso limodzi, chifukwa kanthu kakang'ono kapafupi ndi chinthu chachikulu chapatali zimatenga malo ofanana m'diso. Ojambulitsa kunyanja dzuwa lili m'chikhatho amagwiritsa ntchito lamulo lomweli. Ndiye ngati ndikufuna kuti muone diso la munthu, chikope ndingachipange ndi supuni yomwe ili mita imodzi kuchokera pamene mwaima, nsidze ndi tayala lomwe lili mamita asanu. Bola zonse zigwere pamzere woyenera wochokera m'diso lanu. Bernard Pras wa ku France, amene zinthu zake zimazungulira kwambiri m'mafoni, amapanga nkhope za anthu otchuka motere. Kamera imakhazikika pamalo amodzi, ndipo chinthu chilichonse chimaikidwa, kusunthidwa, kuchotsedwa, mpaka chithunzi cha m'kameramo chitakwana. Ndi ntchito ya masiku ambiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chitsanzo chimene ndimachikonda chili kufupi ndi kwathu kuno, ndipo abale athu okhala ku Durban kapena ku Pietermaritzburg atha kukachiona tsiku limodzi n'kubwerera. Pa 5 Ogasiti 1962 apolisi anaimitsa galimoto pa msewu wa R103 pafupi ndi Howick ku KwaZulu-Natal, n'kugwira Nelson Mandela, yemwe ankayenda modzibisa ngati dalaivala wa mzungu. Mu 2012, patatha zaka 50, pamalopo anaimikapo chikumbutso chopangidwa ndi Marco Cianfanelli. Ndi mizati yachitsulo 50, yotalika kuyambira mamita 6.5 mpaka 9.5, ndipo m'mbali mwa uliwonse munadulidwa mokhotakhota. Ukaiona chapambali ndi nkhalango ya zitsulo zakuda basi, yofanana ndi zitsulo za pa zenera la ndende. Koma pali kanjira kotsetsereka kamene kamakutsogolera kumeneko, ndipo pamene ukuyenda mizati ija imayamba kuyandikirana m'maso mwako. Pa mtunda wa mamita pafupifupi 35 imalumikizana, n'kutuluka nkhope ya Mandela yoyang'ana chakumbali. Ukapitirira, nkhope ija imasweka, n'kupezeka uli pakati pa zitsulo.

Palibe mzati ngakhale umodzi umene uli ndi nkhope. Palibenso chimene chasuntha kupatula mapazi a woonayo. Nkhopeyo imapangika m'mutu mwake, ndipo imathandizidwa ndi njala ya ubongo yofuna nkhope paliponse, njala yomweyo imene imationetsa nkhope pa soketi ya magetsi kapena kutsogolo kwa galimoto.

Felice Varini, wobadwira ku Switzerland mu 1952, amachita zomwezo ndi nyumba zathunthu. Amaika pulojekita usiku pamalo amene wasankha, n'kuwalitsa mizere pa makoma, madenga ndi nsanja, anthu ake n'kumalemba motsatira kuwalako. Mu 2018 anamata tizitsulo topyapyala tachikasu pa malinga akale a mzinda wa Carcassonne ku France. Pa chipata chimodzi munkaona mizere yozungulira yokwanira bwino, ina m'kati mwa inzake. Kwina konse munkangoona zigamba zachikasu pa miyala yakale, ndipo anthu ambiri a mumzindawo anakwiya mpaka kusonkhanitsa masiginecha kuti zichotsedwe. Mfundo yawo inali yomveka ndithu: mlendo amaima pa chipata chija kamodzi, mwini mudzi amaona zigambazo tsiku lililonse.

Chithunzithunzi pakhoma

Amene anakula ndi koloboyi amakumbukira kupinda zala patsogolo pa nyali kuti pakhoma patuluke galu wouwa kapena kalulu. Dzanja silifanana ndi galu ngakhale pang'ono, koma chithunzithunzi chimataya zonse n'kusunga m'mphepete mokha. Nyali nayo ili ngati diso limodzi loima pamalo amodzi.

Mu 1987 Shigeo Fukuda wa ku Japan anawotcherera mafoloko, mipeni ndi masupuni mazanamazana kukhala chimulu chopanda mutu, ndipo nyali ikawala chithunzithunzi chake chimakhala njinga yamoto. Tim Noble ndi Sue Webster a ku Britain anapita patali. Mu 1998 anaunjika zinyalala zawo za miyezi isanu ndi umodzi, mapaketi, zitini ndi zina zotero, n'kuikapo mbalame ziwiri za kunyanja zoumikidwa ngati zikutolatola. Nyali itayaka, pakhoma panatuluka iwo eni awiriwo atakhala motsamirana misana, wina ali ndi tambula wina ali ndi ndudu. Apa chipangizo ndi uthenga n'zosalekanitsika. Akanasema chithunzi chomwecho pa mtengo, chikanangokhala chithunzi cha anthu awiri akupuma. Chopangidwa ndi zimene anadya n'kutaya chikunena zina.

Zoyenda zisakuyenda

Gulu lina silifuna kuti muime pamalo apadera, limalimbana ndi mmene diso limagwirira ntchito. M'zaka za m'ma 1960 kunabuka op art, luso la mizere ndi timabokosi tosanjidwa mwakuti chithunzi chimaoneka ngati chikugwedezeka. Victor Vasarely, wochokera ku Hungary koma wokhala ku France, anali atayamba kale m'ma 1930 ndi mbidzi zake za mizere yokhayokha. Bridget Riley wa ku London, wobadwa mu 1931, anajambula mizere yakuda ndi yoyera yoyenda ngati mafunde, yoti ena akaiyang'anitsitsa amamva chizungulire. Chionetsero cha The Responsive Eye ku Museum of Modern Art ku New York mu 1965 chinatchukitsa lusoli moti opanga madiresi anayamba kukopera zojambula za Riley osamupempha, zomwe zinamupweteka mtima kwambiri. Amene anasankhapo chitenje cha timizere tothinana n'kumva maso akuchita ngati akuvina, akudziwa zimene tikunena.

Chotchuka kwambiri masiku ano ndi njoka zozungulira za Akiyoshi Kitaoka, mphunzitsi wa za maganizo pa yunivesite ya Ritsumeikan ku Japan, zomwe anatulutsa mu 2003. Ndi chithunzi chongoima, koma mikombero yake imaoneka ikuzungulira. Chinsinsi chili pa kasanjidwe ka mitundu, wakuda, wabuluu, woyera, wachikasu, mobwerezabwereza. Akatswiri ambiri amafotokoza kuti uthenga wa mbali zowala kwambiri ndi zakuda kwambiri umafika ku ubongo msanga pang'ono kuposa wa mitundu yapakatikati, ndipo gawo la ubongo loona zoyenda limatenga kutsogozana kumeneku ngati kuyenda. Diso likadumpha, zimayambiranso. N'chifukwa chake mukayang'anitsitsa pamalo amodzi osaphethira, njokazo zimaima.

Patrick Hughes wa ku Britain amasakaniza kusema ndi kujambula. Kuyambira mu 1964 wakhala akupanga matabwa otuluka pakhoma ngati timapiri tosongoka, n'kujambulapo zipinda kapena misewu mozondoka: mbali yomwe yatulukira kwa inu ndiyo amaijambula yaing'ono ngati ili kutali kwambiri. Ubongo umakhulupirira penti n'kukana thabwa. Mukayamba kuyenda, zinthu zimasuntha mosemphana ndi mmene ubongo ukuyembekezera, ndipo m'malo movomera kuti unalakwitsa, umagamula kuti chithunzicho ndicho chikutembenuka kukutsatirani.

Dzenje looneka ngati penti, ndi dziwe louma

Mu Ogasiti 2018, ku nyumba ya zaluso ya Serralves mumzinda wa Porto ku Portugal, mlendo wina wochokera ku Italy anagwera m'dzenje lakuya mamita 2.5 n'kukagonekedwa kuchipatala. Dzenjelo linali ntchito ya Anish Kapoor ya mu 1992 yotchedwa Descent into Limbo: kachipinda ka simenti, pakati pake pali bowo lozungulira lomwe m'kati mwake munapakidwa utoto wakuda bii. Timadziwa kuti dzenje ndi dzenje chifukwa timaona makoma ake, kwina kowala kwina kwamthunzi. Utoto ukameza kuwala pafupifupi konse, zizindikirozo zimatha, ndipo ubongo umasankha yankho losavuta, kuti ndi chizunguliro chopakidwa pansi. Kapoor yemweyu anautsa mkangano mu 2016 atapatsidwa yekha ufulu wogwiritsa ntchito mu zaluso Vantablack, chopaka cha kampani ya Surrey NanoSystems chimene chimameza kuwala koposa 99.9 peresenti. Aluso anzake anafunsa ngati munthu mmodzi angakhale mwini wa mdima.

Leandro Erlich wa ku Argentina amaseweretsa chizolowezi. Ku Kanazawa m'dziko la Japan kuli dziwe lake losambiramo, lokhala ndi makwerero ndi madzi ogwedezeka. Ukasuzumira umaona anthu ovala bwinobwino akuyenda pansi pa madzi, ena akujambula ndi mafoni. Madziwo ndi okuya masentimita pafupifupi 10 okha, ali pamwamba pa galasi, ndipo kunsi kwake ndi chipinda chouma chopakidwa buluu. Mu 2013 ku Dalston ku London anagoneka pansi chithunzi cha kumaso kwa nyumba, n'kupendeketsa chigalasi chachikulu pamwamba pake. Anthu ankagona pansipo, koma m'galasimo ankaoneka akulendewera pa mawindo.

Diresi lija

Mu Febuluwale 2015 dziko linagawikana pa chithunzi cha diresi lojambulidwa ku Britain. Ena ankaona loyera ndi lagolide, ena labuluu ndi lakuda, aliyense n'kumaona ngati mnzake wapenga. Diresi lenilenilo linali labuluu ndi lakuda. Ubongo suwerenga mtundu mmene wafikira, umayamba waganizira kuwala kumene kwagwera pa chinthucho n'kukuchotsapo. N'chifukwa chake malaya oyera amaonekabe oyera padzuwa, pamthunzi wa mango, ngakhale pa kandulo. Chithunzi cha diresicho sichinkaonetsa bwino kuwala kwake. Amene ubongo wawo unati lili pamthunzi anaona loyera, amene unati lili pa kuwala kwachikasu anaona labuluu. Edward Adelson wa ku yunivesite ya MIT ku America anali ataonetsa zofanana mu 1995 ndi bolodi la timabokosi ngati la drafuti: timabokosi tiwiri totuwa mofanana ndendende, koma kena kakuoneka koyera chifukwa chakuti kali pamthunzi wojambulidwa.

Kodi tonse timapusitsika mofanana?

Apa nkhaniyi imakhudza mbali yathu ino, ndipo akatswiri sanagwirizanebe. Mu 1889 Franz Müller-Lyer anajambula mizere iwiri yofanana kutalika, wina wokhala ndi timivi toloza kunja, wina timivi toloza m'kati, ndipo umodzi umaoneka wautali. M'zaka za m'ma 1960 Marshall Segall, Donald Campbell ndi Melville Herskovits anayesa mizereyi pa anthu a mitundu yosiyanasiyana, ambiri a mu Africa. Anapeza kuti anthu a ku Evanston ku America ankapusitsika kwambiri, pamene Asan a ku Kalahari ankapusitsika pang'ono zedi. Anafotokoza kuti wokulira m'nyumba za makona anayi amazolowera kuwerenga timivi tija ngati ngodya za chipinda, pamene wokulira m'nyumba zozungulira alibe chizolowezi chimenecho.

Mfundoyi inalowa m'mabuku ambiri, koma yatsutsidwanso kwambiri. Ena anati mafunsidwe ake ndi kumasulira kwa malangizo zinali ndi mavuto. Ndipo mu 2015 ofufuza a Project Prakash ku India anayesa ana amene anabadwa osaona chifukwa cha ng'ala, atangochitidwa opaleshoni. Anawo anapusitsika ndi mizere ija nthawi yomweyo, asanakhale ndi mpata wozolowera ngodya za nyumba iliyonse.

Kafukufuku amene amandigwira mtima ndi wa Robert Serpell, wofalitsidwa mu 1979. Pa nthawiyo panali zonena zakuti ana a mu Africa amavutika kuzindikira zojambula. Iye anapatsa ana a ku Zambia ndi a ku England ntchito yokopera zinthu zofanana m'njira zosiyana. Pa pensulo ndi pepala, a ku England anapambana. Pa waya, a ku Zambia anawasiya kutali. Pa dongo anafanana. Amene anapindapo galimoto yawaya, yokhala ndi chiwongolero chachitali ndi matayala a zitini za polishi, sangadabwe. Mwana wotero amaona galimoto yonse m'mizere yochepa ya waya, mbali zonse, asanaipinde.

Foni ili ndi diso limodzi

Chifukwa chimene lusoli ladzazira m'mafoni chili m'zimene tafotokoza kale. Mdani wamkulu wa anamorphosis ndi diso lanu lachiwiri, limene limaulula kuti supuni ili pafupi, tayala lili patali. Kamera ya foni imaona ngati munthu wotseka diso limodzi, ndipo chithunzi sichisuntha mutu. Ndiye zithunzi za choko za m'misewu zimene Julian Beever ndi Kurt Wenner amajambula, zooneka ngati maphompho, zimakhala zoopsa pa foni kuposa pamaso. Chimodzimodzi chimphaka chachikulu chimene chinayamba kuoneka pa sikirini yokhota ku Shinjuku mumzinda wa Tokyo mu 2021: chimatuluka bwino mukaima mbali ina ya mphambano, kwina chimaoneka chopotoka. Malonda nawo sanachedwe. Museum of Illusions, imene inayamba ku Zagreb mu 2015, tsopano ili ndi nthambi m'mizinda yambiri, kuphatikizapo Johannesburg, ndipo zipinda zake zambiri n'zokonzedwera kujambulitsa.

Ntchito zina si zosangalatsa chabe. Mu 2017 tauni ya Ísafjörður ku Iceland inapaka malo owolokera msewu ooneka ngati zipilala zoyera zoyandama, kuti madalaivala aziponda buleki. Okayikira amati dalaivala wodutsapo tsiku lililonse amazolowera. Asayansi nawo amagwiritsa ntchito zopusitsa masozi ngati mmene makaniko amamvetserera injini ikamalira molakwika: pamene ubongo waphonya ndi pomwe pamaoneka lamulo limene umatsata. Kuyambira mu 2005 pamachitika mpikisano wa pachaka wa Best Illusion of the Year, ndipo mmodzi mwa opambana kangapo ndi Kokichi Sugihara, katswiri wa masamu wa ku Japan, amene amapanga tinthu toti pamaso n'tamakona anayi koma m'galasi n'tozungulira.

Pakati pa okonda zaluso, maganizo ndi awiri. Ena amati zambiri mwa izi n'chikomekome cha mkuyu: ukadabwa kamodzi, wajambula, watumiza, palibenso chobwerera. Ena amaloza ku Howick, kumene zitsulo zooneka ngati ndende ndi zomwezo zimene zikupanga nkhope ya womangidwayo, n'kunena kuti tanthauzo lotere silikanatheka pa chithunzi wamba. Mbali zonse ziwiri zili ndi zitsanzo zokwanira.

Kwa amene akufuna kusiyanitsa chenicheni ndi chopeka pakompyuta, poyambira pabwino ndi kuona ngati kamera ikuchoka pamalo abwino aja. Ntchito yeniyeni imawonongeka mwadongosolo: zidutswa zimatalikirana pang'onopang'ono, zapafupi mofulumira, zapatali mochedwa, ndipo chilichonse chimakhalabe chomwe chinali, supuni n'kukhalabe supuni. Mukaona zinthu zikusungunuka kapena kusintha mtundu popanda chifukwa, kaikirani. Funsaninso dzina la mmisiri ndi malo. Zazikuluzikulu zimajambulidwa ndi anthu ambiri kuchokera mbali zosiyana, ndipo zithunzi zojambulidwa kolakwika zimakhalapo zochuluka kuposa zabwinozo.

Mu Malichi 2019, pokumbukira zaka 30 za piramidi yagalasi ya ku nyumba ya zaluso ya Louvre ku Paris, mmisiri wodziwika ndi dzina lakuti JR anasonkhanitsa anthu odzipereka pafupifupi 400, n'kumata mapepala 2,000 pabwalo lonse lozungulira piramidiyo. Kuchokera pamwamba, pamalo amodzi osankhidwa, piramidi inkaoneka ngati yatuluka m'chidzenje chachikulu cha miyala. Oyenda pansi ankangoona mapepala otuwa. Tsiku lisanathe dzuwa linali litaumitsa guluu, nsapato za alendo zitang'amba mapepalawo, ndipo ena ankatola zidutswa n'kuika m'zikwama. JR ananena kuti ankayembekezera zimenezo. Chimene chatsala lero ndi zithunzi zojambulidwa kuchokera pamwamba paja.